Mayeso apakamwa a PhD ku America si viva ya ku Mount Pleasant

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Highfield mu Harare, kuno ku Zimbabwe, mdzukulu wa anthu amene anabwera kuno kalekale kuchokera ku Dedza. Wapeza malo a PhD ku University of California, Berkeley, ndipo m'mapepala amene amutumizira alembamo kuti ayenera kukhoza oral qualifying exam asanakhale candidate. Akufunsa ngati amenewa ndi mayeso omwe aja a viva amene anthu amachita ku University of Zimbabwe (UZ), imene ili ku Mount Pleasant mu Harare, akamaliza thesis (buku la kafukufuku wawo), komanso ngati munthu akalephera amabwerera kwawo chimanjamanja.

Achimwene, si omwewo ayi. UZ inatengera njira ya ku Britain, paja pachiyambi inali University College of Rhodesia and Nyasaland, yolumikizana ndi University of London. Kuno umayamba ndi kafukufuku wako, ndipo mayeso aakulu apakamwa amabwera kumapeto thesis ili m'manja. Ku America umayamba wakhala m'kalasi pafupifupi zaka ziwiri, kenaka amakuyesa kuti aone ngati ungayende wekha pa kafukufuku. Ukakhoza ndiye amakutcha candidate, thesis usanalembe n'komwe.

Ku Berkeley mumakhala ndi komiti ya aphunzitsi anayi kapena asanu, kawirikawiri mmodzi wochokera ku dipatimenti ina, ndipo amakufunsani pa magawo osachepera atatu a maphunziro anu, kwa maola awiri kapena atatu. Amene adzatsogolere thesis yanu saloledwa kukhala wapampando wa komitiyo, choncho musadalire kuti akakutetezani. Mukalephera, komiti ikhoza kukupatsani mwayi wachiwiri, koma wachitatu palibe. Pali nkhani ya ndalamanso. Ophunzira ochokera kunja amalipitsidwa fizi yoonjezera yoposa madola 15,000 pachaka, ndipo munthu akangokhala candidate fizi imeneyo imachotsedwa kwa zaka zitatu. Nchifukwa chake madipatimenti safuna kuti muzizengereza.

Koma chimene ndikufuna mumvetse si malamulowa, amenewo mukawapeza m'buku la dipatimenti yanu. Vuto lathu ife ndi ulemu umene tinakula nawo. Kwathu mwana satsutsa wamkulu pagulu, amayang'ana pansi n'kuvomera. M'chipinda chimenecho khalidwe lomwelo likhoza kukugwetsani.

Ine zinandionekera, pa yunivesite ina kumeneko. Ndinali nditaima pabolodi, choko chitanyowa ndi thukuta m'dzanja, pamene pulofesa wina wachikulire ananena mfundo imene ndinkadziwa bwinobwino kuti ndi yolakwika. Ndinangoti inde. Anavula magalasi, n'kuwapukuta pang'onopang'ono ndi tayi, ndipo anafunsa, "Mukuvomereza chifukwa nzoona, kapena chifukwa ndanena ine?" Chipinda chonse chinati zii. Anali atatchera dala. Ndinachita kubwerera pabolodi n'kuonetsa pamene mfundo yakeyo ikusokonekera, mawu akunjenjemera. Atanditulutsa kuti akambirane, ndinakhala pabenchi m'khonde pafupifupi theka la ola ndikuganiza za tikiti yobwerera ku Harare. Ndinakhoza, koma wapampando anandiuza kuti chimene chinandipulumutsa ndi kubwerera pabolodi kuja.

Dziwaninso kuti adzakufunsani mpaka mufike pamene simukudziwa. Amachita zimenezi kwa aliyense, ngakhale wanzeru chotani, chifukwa akufuna aone zimene mumachita nzeru zikakutherani. Musapeke yankho. Nenani kuti apa sindikudziwa, koma ndikanati ndifufuze ndikanayambira apa, chifukwa cha ichi ndi ichi. Amene amalankhula zambirimbiri pofuna kubisa umbuli amagwidwa msanga, poti amene akumufunsawo ndi omwe analemba mabuku amene iye wangowerenga.

Pokonzekera, kaonaneni ndi membala aliyense wa komiti miyezi ingapo mayeso asanafike, mumufunse zimene akuyembekezera kuti muwerenge. Ndipo pemphani anzanu amene anakhoza kale kuti akuchitireni mayeso oyeserera, muli chilili pabolodi, akupanikizeni opanda chisoni. Kuwerenga pamtima n'kosiyana ndi kuyankha mokweza mawu mu Chingerezi anthu anayi akukuyang'anitsitsani, makamaka kwa ife amene timaganiza mu Chichewa, kugula tomato ku Mbare Musika mu Chishona, n'kumalemba mu Chingerezi.

Munalembanso kuti agogo ayamba kale kukutchani Dokotala ndipo akufunsa za mbuzi ya phwando. Auzeni mwaulemu kuti candidate sanafike pa udokotala, pamatsalabe zaka zingapo za kafukufuku ndi kulemba. Mbuziyo ayambe aisiya inenepe.