Kalachi ikununkha: vuto ndi galimoto kapena phazi?

FUNSO: Akonzi, ndimayendetsa kapikapu konyamula nsomba kuchokera ku Senga Bay kupita ku Lilongwe. Kalachi ndinasintha chaka chathachi, koma yayambanso kununkha zopserera ndikamakwera zitunda za msewu wa M14. Kodi anandigulitsa yachinyengo?
Wowerenga, Salima

YANKHO: Mwina ndi choncho, bambo, koma tiyambe takayikira phazi lanu lamanzere.

Pakati pa injini ndi giyabokosi pali kalachi puleti, yomwe imapanikizidwa pa flywheel (chitsulo chozungulira chomangidwa ku injini) ndi pulesha puleti. Mukaponda mpaka pansi zimasiyana, mukasiya zimagwirana. Chomwe chimadya puleti ndi kukhalitsa pakatikati, pomwe zitsulozo zimangokhulana nayo n'kumatentha. Fungo lija likuchokera pamenepo. Ngakhale kungotsamiza phazi pa kalachi mukuyenda kumachititsa kuti release bearing (yomwe imakankha pulesha puleti mukaponda kalachi) izigwira ntchito osapuma, mpaka kuyamba kulira.

Posintha giya, chotsani phazi pa moto, pondani kalachi mpaka pansi, lowetsani giya osakakamiza, kwezani phazi n'kulichotsapo ndithu. Pochedwerapo pang'ono ndi ponyamuka pa giya 1 basi: kwezani mpaka mumve galimoto ikufuna kusuntha, onjezani moto pang'ono, kenako siyani yonse.

Zitunda ndiye zimagwetsa ambiri. Katundu akalemera, bwererani ku giya 3 kapena 2 injini isanayambe kutsamwa, m'malo moithandiza ndi theka la kalachi. Mukaima pokwera, pa lodibuloko mwachitsanzo, kokani handibuleki. Kuigwira ndi kalachi kuti isabwerere m'mbuyo ndi kuwotcha ndalama. Mukatitimira mumchenga wa kunyanja, tsitsani katundu, fukulani kumatayala, osalimbana nawo ndi moto.

Yesani izi pamsewu wopanda anthu: pa giya 4, mukuyenda pang'onopang'ono, pondani moto kwambiri. Injini ikakuwa koma liwiro osawonjezeka, puleti yatha. Uzani makaniko asinthe zitatu pamodzi, kalachi puleti, pulesha puleti ndi release bearing, poti giyabokosi amakhala atatsitsa kale. Aonenso ngati mafuta a injini sakudonthera pa puleti.

FUNSO: Livesi imalira "kwee!" ndikamalowetsa. Chavuta n'chiyani?
Mayi wa ku Dwangwa, Nkhotakota

YANKHO: Mayi, m'galimoto zambiri livesi ilibe synchro, kachipangizo kofananitsa liwiro la magiya kuti alowe osakhulana. Imani kaye kotheratu, pondani kalachi, werengani mpaka 3, ndiye mulowetse. Magiya enanso akamalira, onani mafuta a kalachi. Ambiri ndi omwe aja a mabuleki, DOT 3 kapena DOT 4, ndipo akachepa ndiye kuti mwina penapake pakudontha.