Andidula K27,000 pa Nyemba Zanga, Kodi Sanandibere?

Amalume, ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala ku Kawale. Geni yanga ndi ya nyemba ndi mtedza, ndimapikula ku Mitundu ndi ku Wakawaka. Mwezi wathawu ndinapeza oda pasukulu ina yogonera konko, ndinakatula nyemba za K900,000. Koma ku banki kunangolowa K873,000. Nditafunsa, akalaliki anangoti "ndi za msonkho," ati ndikapanda kubweretsa nambala ya msonkho yotchedwa TPIN asadzandionenso. Chonsecho ine tikiti ya kumsika ndimadula tsiku ndi tsiku. Kodi sanandibere?
Mayi wodandaula, Kawale

Mayi, mtima m'malo. Pa kudulako sanakulakwireni. K27,000 ndi 3 peresenti ya K900,000, ndipo lamulo limalamula masukulu, makampani ndi mabungwe kuti akamalipira wowagulitsa katundu azidula gawo limeneli n'kulitumiza ku Malawi Revenue Authority, MRA ija. Ku maofesi amati withholding tax. Ndalamayo si ya sukulu ayi. Ayenera kuipereka ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira.

Pamene ndikukuderani nkhawa ndi apa: m'kalata mwanu simunatchule pepala lililonse. Wodula msonkho umenewu ayenera kukupatsani satifiketi yosonyeza dzina lanu, ndalama yonse ya oda, ndi imene wadula. Msonkhowu uli ngati chikole. Chaka chikatha, MRA imawerengera msonkho wanu pa phindu, osati pa ndalama zonse zimene zadutsa m'manja mwanu, kenako imachotsapo zomwe anakudulani kale zija. Zikapitirira, muli ndi ufulu wopempha kuti akubwezereni kapena azisungire chaka chinacho. Tsono popanda TPIN, K27,000 yanuyo ilembedwa pa dzina la yani?

Nkhaniyi imandikhudza chifukwa inaonekera mlongo wanga wa ku Area 25. Zaka zitatu ankaperekera ufa ndi nyemba ku bungwe lina, akumudula mwezi ndi mwezi, iye n'kumangoti bola oda ikubwera. Tsiku lomwe anafuna satifiketi yosonyeza kuti alibe ngongole ya msonkho, ija amafunsa ukamapikisana nawo pa matenda a boma, tinakhuthula chitini chake cha mabisiketi pamkeka. Munali malisiti a minibasi, matikiti a kumsika ofufuma ndi chinyezi, kapepala ka kuchigayo. Satifiketi ya withholding tax munalibe ndi imodzi yomwe. Titapita ku bungwe kuja, amene ankamulipira anali atachoka kalekale. Mlongo wangayo anakhala chete njira yonse pobwerera.

Ndiye musazengereze. TPIN ndi nambala chabe yokuzindikiritsani ngati wokhoma msonkho, ndipo ndi yaulere. Wina akakuuzani panja pa ofesi kuti "bweretsani kangachepe ndikuthamangireni," mudutseni. Tengani chiphaso chanu cha unzika, komanso satifiketi ya bizinesi ngati munailembetsa, mupite ku ofesi ya MRA mu Lilongwe momwe muno. Mwana wanu akamadziwa za intaneti, pali tsamba la MRA lotchedwa Msonkho Online. Mukaipeza nambalayo bwererani kusukulu kuja, mukaipereke, ndipo mukapemphe mwaulemu satifiketi ya oda yapitayi. Akakuyendetsani, lembani kalata, musunge kope lake.

Mugulenso kope la chikuto cholimba. Tsamba lakumanzere muzilemba zotuluka: mtengo wopikulira, thiransipoti ya matumba kuchokera ku Mitundu, aganyu okweza ndi kutsitsa, masaka, ngakhale ulusi wosokera. Lakumanja zolowa. Alimi a kumudzi sapereka lisiti, ndikudziwa, koma lembani tsiku, malo, makilo ndi mtengo. Kope limeneli ndilo lidzakuyankhulireni kuti pa K900,000 paja, phindu lenileni linali lochepa, zambiri unali mpamba.

Za tikiti ya kumsika, imeneyo ndi ya khonsolo ya mzinda wa Lilongwe, yolipirira malo amene mwayalapo malonda. Siikhudzana ndi MRA.

*

Amalume, ndimagwira ntchito m'shopu ya hadiweya ku Area 2. Malipiro anga ndi K120,000 koma abwana amadula K15,000 ati ndi PAYE, msonkho wa pa malipiro. Zili bwino?
Mnyamata wa ku Mchesi

Mphwanga, sizili bwino. Mu 2024 boma linakweza malire a malipiro osadulidwa msonkho kuchoka pa K100,000 kufika pa K150,000 pamwezi. Iwe uli pansi pa malirewo, choncho PAYE yako ndi ziro. Chimene angadule movomerezeka ndi penshoni, 5 peresenti ya malipiro ako, yomwe ndi K6,000, iwo n'kuikapo 10 peresenti yawo, ndipo zonsezo zizipita ku kampani ya penshoni m'dzina lako.

Usayambe ndi mkangano, ntchito ikuvuta m'tauni muno. Apemphe abwanawo pepala la malipiro losonyeza chilichonse chimene adula ndi kumene chapita. Akakana, pita nayo nkhaniyi ku ofesi ya zantchito ya boma la Lilongwe, utanyamula uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba umene umalowa akakulipira.