Kwa achimwene a ku Ntcheu ofuna matabwa a gitala

Achimwene inu mwalemba kuti mwatopa ndi magitala a pulayiwudi, mukufuna kuyamba kukhoma ndi mitengo yathu yachilengedwe, ndipo wina wakutsatsani chipika cha mlombwa cha uko ku Kasinje nde mukufunsa ngati mugule komanso mukachekese bwanji. Ine ndine kalipentala kuno ku Dedza, chimandidyetsa ndi zitseko ndi mabedi, magitala ndimakhoma apo ndi apo ntchito ikachepa, koma matabwa amene ndaononga pophunzira ndi okwanira ndithu kuti ndiyankhepo.

Chipikacho musalipire musanachione ndi maso anu, ndipo tsiku locheka mukaime pomwepo pa dzenje lochekerapo mpaka dzuwa kulowa. Anthu amatengeka ndi dzina, akangomva kuti mlombwa basi ndalama yatuluka, koma mlombwa wochekedwa molakwika umaposedwa ndi paini wochekedwa bwino. Amacheka athuwa ntchito amaidziwa, vuto ndi loti anazolowera matabwa a zitseko ndipo amalipidwa powerenga matabwa, nde amangoyamba mbali ino kutsika nacho chipika mpaka mbali inayo. Mukatero matabwa oyenera gitala amangokhala awiri kapena atatu apakati aja, ena onse mizere yake imakhala yogona. Tayang'anani kumapeto kwa thabwa kumene adula, muona timizere. Tikakhala tokhota ngati uta, thabwa limenelo likamauma limapindika ngati chipande ndipo likapyapyala silichedwa kung'aluka. Inu mukufuna loti timizereto taima chilili ngati mano a chipeso, kuchoka nkhope ino kufika nkhope inayo. Kuti mupeze otero auzeni ayambe aching'amba pakati chipikacho, kenako chibenthu chilichonse aching'ambenso pakati zikhale zinayi ngati mmene timadulira dzungu, ndiye azicheka chibenthu chilichonse molunjika ku mtima wa mtengo. Adandaula kuti zikuchedwetsa komanso matabwa akutuluka ochepa, nzoona, gwirizanani za tsiku osati za thabwa, ndipo nsima ya masana ikhale yanu.

Apa mpamene kukula kwa chipika kumavuta. Msana wa gitala yaikulu ija, kutanthauza kumbuyo kwake, umapangidwa ndi matabwa awiri olumikiza pakati, lililonse masentimita ngati 22 mulifupi ndi 55 mulitali. Poti mukucheka kuchokera ku mtima kupita ku khungwa, 22 ameneyo akuyenera kupezeka mu theka la chipika, mutachotsa kale choyera cha kunja chija chimene chimafumbwa komanso pakati penipeni pamene pamang'aluka nthawi zonse. Ndekuti chipikacho chipose theka la mita kukula kwake. Mlombwa wotero masiku ano kumapiri athu kuno ngosowa, ambiri ndi ongofika mu ntchafu. Chikakhala chaching'ono musataye mtima, msana mutha kuulumikiza ndi matabwa atatu, a kampani ya Martin ku America anayamba kutero mu 1965 pa gitala yawo ya D-35 atayamba kusowa matabwa otambalala, mpaka lero anthu amaigula modula. Kapena yambani ndi gitala yaing'ono, ine ndimaona kuti nkwabwinonso pophunzira. Za m'mbali zimafuna masentimita 12 mulifupi ndi 85 mulitali, zopanda mfundo olo imodzi chifukwa pa mfundo mpamene pamathyoka popinda.

Koma mlombwa si wa gitala yonse ayi. Ngwabwino kwambiri pa msana ndi m'mbali, suyendayenda nyengo ikasintha, pulena imayenda bwino, ndipo vanishi akalowa mtundu wake umachita kukoma. Pa nkhope, pamene pamakhala chibowo paja, ndi pamene pamatuluka mawu, nde pamafunika thabwa lopepuka koma losapindika wamba. Azungu amaika spruce, mtengo wa kumaiko ozizira umene kuno kulibe. Mlombwa pamenepo umalemera, gitala imalira ngati yatsekedwa pakamwa. Ine pa nkhope ndimaika mbawa yopepuka, ndipo si zachilendo, magitala a mahogany okhaokha alipo ambiri kunjaku ndipo mbawa yathuyi ndi m'bale wake, amaitcha African mahogany. Mawu ake sakhala okuwa kwambiri koma ngofunda bwino. Chinanso chimene anthu amachinyoza ndi saipulesi wobzala uja, ena amangoti mkungudza, amene amapezeka kuno ku Dedza, mukapeza thabwa lopanda mfundo la timizere tothithikana musalisiye, ndi lopepuka ndipo likagogodedwa limalira. Ku Spain magitala oimbira nyimbo zawo za flamenco msana ndi m'mbali amapangira mtengo wa banja lomweli. Paini nayenso amatheka bola wa mtengo wokhwima osati tiwisi tomwe akudula masiku anoti. Wina akakutsatsani mkungudza weniweni wa ku Mulanje ingokanani, ndi mtengo wa fuko, wotetezedwa, ndipo m'phirimo unatsala pang'ono kutheratu.

Kusankha kwake ine ndimachita chonchi, ndimagwira thabwa ndi zala ziwiri chakumtunda, kuliyandikiza kukhutu nkuligogoda ndi chala. Lina limangoti phu ngati mwamenya chikatoni, lina limati ngwee nkumapitirira. Zimenezi sindingathe kukuphunzitsani pa foni, gogodani matabwa ambiri khutu lizolowera lokha.

Khosi ikani mbawa yowongoka bwino, timizere toima, chifukwa nsambo zachitsulo zikakungidwa zonse zimakoka mphamvu yofika makilo 70 usana ndi usiku. Sendeleya uja wobzala m'misewu ndi m'mamishoni nayenso amachita bwino pa khosi la gitala ya nsambo za nayiloni. Mbawa ili ndi khalidwe lake, ulusi wake umayenda mopingasana nde pulena imakonda kuzula, nolani mpeni kwambiri muzidya pang'onopang'ono, pomaliza palani ndi chigalasi chosweka. Timitengo tolimbitsa nkhope kunsi kwake tija musacheke ndi sowo, ng'ambani ndi chikwanje kuti titsatire ulusi wake tokha kenako muwongole ndi pulena.

Pokhoma mafuleti paja, tizitsulo topingasa pa khosi tija, ndi pa buliji, pomangirira nsambo pa nkhope, pamafuna mtengo wolimba zedi, apa mfumu yake ndi phingo. Ngolemera moti ukauponya m'madzi umamira, ndipo ndi womwe azungu amapangira zitoliro za clarinet. Umamera kotentha, kumunsi kwa phiri cha ku Golomoti, Mtakataka, kutsika mpaka ku Balaka uko, koma mitengo yake imakhala yokhotakhota, yambiri yamphako, nde musavutike kusaka chipika. Mukungofuna kachidutswa ka masentimita 50 mulitali, 7 mulifupi. Pitani kwa osema ziboliboli cha ku Mua, kambani nawo bwino akugulitseni zotsala. Nyamulani kampeni, mupale pang'ono, chifukwa pali ena ochenjera amadetsa mtengo wamba ndi polishi wa nsapato nkumati phingo. Akasowa, muwanga umagwira ntchito yomweyo ngakhale umabunthitsa zida.

Tibwerere ku dzenje kuja. Musawauze amacheka kuti akuchekereni topyapyala ta gitala pomwepo, sangathe, ndipo tikauma tipotoka ngati chikopa. Achekeni zichindikire mainchi awiri, muumitse kaye, kupyapyalitsa kubwere pambuyo. Makina a tcheni aja ngabwino pogwetsa ndi kudula zipika basi, pong'amba amadya pafupifupi sentimita yathunthu ulendo uliwonse, pamene thabwa la gitala pomaliza limakhala mamilimita osapitirira atatu, ndekuti utuchi ukuposa thabwa. Zikauma mukapeze malo amene ali ndi bandsaw, makina ochekera a sowo yonga lamba, ku Lilongwe kapena ku Blantyre amapezeka, akung'ambireni mamilimita asanu asanu. Mukalephera, sowo yamanja yonola bwino imatha, lembani mzere kuzungulira mbali zonse zinayi, muzicheka pang'ono mbali ino nkutembenuza, thukuta lokha ndiye konzekani. Matabwa awiri otsatizana alembeni manambala ndi pensulo nthawi yomweyo musanawasokoneze, chifukwa amenewo ndi amene mudzawatsegule ngati buku nkulumikiza kuti maluwa a mbali ino afanane ndi a mbali inayo.

Kuumitsa ndi kumene ambiri timagwera chifukwa cha changu. Tsiku lomwelo lochekalo matani kumapeto konse kuwiri ndi kandulo wosungunula kapena penti wa oyilo wotsala, poti madzi amathawira kumapetoko mwachangu nde mng'alu umayambira komweko. Sanjikani pamthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa, osatinso pansi pafumbi chiswe chingakuthandizeni ntchito. Pakati pa thabwa ndi linzake ikani timitengo touma tofanana kukula, tiyang'anizane kuchoka pansi mpaka pamwamba, pamwamba penipeni tsikizani ndi njerwa. Lamulo lakale limati inchi imodzi chaka chimodzi, nde mainchi awiri aja werengerani nokha. Ngati mulibe kamakina koyezera chinyezi, tengani thabwa limodzi muziliyeza pa sikelo ngati ya ogulitsa mbatata pa Lizulu ija mwezi ndi mwezi nkumalemba pa thabwa pomwepo, likasiya kutsika kulemera kwa miyezi ingapo ndekuti lafika. Mukang'amba topyapyala tija tisanjikeninso m'nyumba milungu ingapo tisanaone guluu.

Ndipo nyengo yathu ino ya kumapiri muisamale. Ine gitala yanga yachiwiri ndinaimata mu February mvula ili tsiku ndi tsiku, matabwa ndinagula kwa munthu wina amene analumbira kuti akhala chaka, inatuluka yokongola moti ndinkangoiyang'ana. Anaigula mnyamata wa kwaya cha kunyanja, kufika October anandiimbira kuti nkhope yang'aluka kuchokera pa buliji mpaka kumunsi, ndinabweza ndalama ndi manyazi omwe. Thabwa lomatidwa lili ndi chinyezi likapita kouma limafuna kufupika, guluu walimanga mbali zonse, nde limangong'ambika. Lomatidwa kouma likapita konyowa limangotupa pang'ono basi. Kuyambira pamenepo nkhope, msana ndi timitengo ta mkati ndimamata September ndi October, masana. Nthawi ya dzinja ndi masiku a chiperoni mu June ndi July ndimasema makosi ndi kunola zida.

Tsopano za boma, poti mwati chipika chili kwa munthu. Mufunseni anachidula kuti ndipo chilolezo chili kuti. Lamulo la za nkhalango la 1997 analikhwimitsa mu 2020, zilango zake si zamasewera, ndipo pa rodibuloko akakupezani ndi matabwa a mtengo wachilengedwe opanda mapepala amalanda, nkhani nkukathera ku khoti. Za m'nkhalango zotetezedwa ngati Mvai, Dzonzi, Chongoni kapena Mua-Livulezi musayerekeze. Mtengo ukakhala wa m'munda mwa munthu kapena wagwa ndi mphepo, dzerani kwa amfumu kenako ku ofesi ya zankhalango pa boma akuuzeni mapepala odulira ndi onyamulira, pitani musanadule osati mutadula kale. Za kutsidya kwa msewu ku Mozambique nazonso musaone kuyandikira, thabwa likangodumpha M1 lalowa dziko lina limenelo. Mitengo ikuluikulu ya kumanda ija ndiye sindikuyenera kuchita kukuuzani, eni ake alipo. Ngati mumalota zodzatumiza matabwa kunja dziwaninso kuti phingo analowa pa mndandanda wa CITES, pangano la maiko loteteza mitengo ndi nyama zimene zikutha, mu 2017, mlombwa, mbawa ndi msambamfumu anatsatira pa msonkhano wa ku Panama mu 2022, nde matabwa ake satuluka m'dziko popanda chilolezo chapadera.

Kunena zoona ine ndikanakhala inu chipika cha ku Kasinjecho chikanakhala cha mtsogolo, gitala yoyamba ndikanayamba ndi matabwa akale. Zitseko za nyumba zakale zimene akugwetsa, mabedi a agogo, mabenchi a tchalitchi amene akusintha, matebulo othyoka miyendo, zambiri mwa zimenezi ndi mlombwa ndi mbawa za mitengo ikuluikulu imene lero kulibe, zinauma kalekale ndipo wa rodibuloko sangakufunseni za chitseko chakutha. Gitala yanga imene ndimaikonda kwambiri khosi lake ndi mwendo wa bedi. Ingosamalani misomali yobisika, yendetsani maginito a sipika yakutha pathabwa ponse musanalowetse sowo ya eni ake, ndipo yang'anani timabowo ta tizilombo, mukagogoda nkumatuluka ufa lisiyeni. Mukamakhoma ndi akalewo, a chipika chija amakhala akuuma kuseri kwa nyumba.

Popinda za m'mbali simukufunika makina, paipi yachitsulo yokula ngati mkono muikemo makala amoto, thabwa lipyapyale mamilimita awiri, linyowetseni pang'ono nkumalitsamiritsa pa paipipo mukuligwedeza, mumva lokha likamafewa. Yesani kaye ndi zotsala, toyamba timathyoka ndithu. Fumbi la mbawa ndi phingo limayetsemulitsa ena mpaka zidzolo, mangani kansalu kumphuno.

Mukapita kukachiona chipikacho tengani tepi ndi botolo la madzi, thirani kumapeto kwake kuti timizere tioneke, ikani tepi mopingasa, jambulani mbali zonse ziwiri ndi m'litali mwake munditumizire. Muonenso ngati khungwa lake likuyenda mozungulira ngati chingwe chopota, chikakhala chotero chisiyeni olo atsitse mtengo, matabwa ake adzapotoka momwemo.