Kwa achimwene amene akufuna kubwerako ku Joni

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mwatha zaka 6 ku Joni, mtima uli ku Bangwe kumene kuli akunyumba ndi ana, koma mukuopa kufika chimanjamanja, ndiye mukufunsa ife amene tinabwerako kuti zinatithera bwanji. Ena akuuzani kale kuti musayerekeze, kuno kwavuta. Sakunama ayi, kwavutadi. Ine ndingokufotokozerani mmene ndinayendera, chochita musankha nokha.

Ndinakwera basi pa Wenela mu 2012. Agogo anga aamuna anadzeranso pomwepo kalekale, paja dzina la depoti ija linachokera ku bungwe limene linkalemba anthu ntchito za m'migodi, la Witwatersrand Native Labour Association. Iwo ankapita pa kontilakiti, ikatha n'kubwerako ndi njinga, wailesi ndi mabulangete. Zinadzaima mu 1974 ndege itagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, a Kamuzu n'kuletsa. Ndimaganiza za agogowo kawirikawiri chifukwa cha chinthu chimodzi: iwo tsiku lobwerera linali lolembedwa papepala asanachoke n'komwe. Ife timalowa ndi masiku 30 a pa pasipoti, ndipo tsiku lobwerera palibe amene amatilembera. Utchona umayambira pamenepo.

Msewu mukuudziwa. Mwanza, Zobue, kutentha kwa ku Tete powoloka Zambezi, Nyamapanda, Harare, Masvingo, mzere wa pa Beitbridge, mpaka kutsika pa Park Station miyendo itatupa. Ndinafikira ku Mayfair m'chipinda cha anthu asanu, n'kumagwira ganyu yonyamula matope pa zomangamanga. Kumeneko bambo wina wa ku Mozambique anandikonda n'kundiphunzitsa kuika matailosi. Ankandigumulitsa mzere wonse tailosi imodzi ikangopendekeka. Nthawi imeneyo ndinkaona ngati nkhanza, koma lero ana anga akudya chifukwa cha bambo ameneyo.

Sindinganyoze dziko la eni. Ndinaphunzirako kusunga nthawi, kulemba mtengo wa ntchito papepala tisanayambe, ndiponso kusesa pamalo ndikamaliza. Ndinaona nyanja yamchere ku Durban, ndinakhala ku Cape Town kumene mvula imagwa mu Juni ndi Julaye, mphepo yake yoposa chiperoni cha kwathu kuno. Phiri la Table ndinkaliona m'mawa uliwonse popita kuntchito, ndipo nthawi zonse linkandikumbutsa phiri la Ndirande limene ndinakulira m'tsinde mwake. Kuyenda n'kuona ndithu. Koma zaka zonsezo mtima sunakhalepo m'malo. Ukaona galimoto ya apolisi umayamba waganiza za Lindela, kumene amatsekera alendo opanda mapepala asanawabweze kwawo. Mutakisi umangoti zii kuti asamve kalankhulidwe kako n'kukutchula kwerekwere.

Mu Epulo 2015 ndinali ku Durban pamene anthu anayamba kuthamangitsa alendo. Tinagona m'matenti ku Isipingo, Amalawi, a ku Mozambique, a ku Congo, tonse pamodzi. Boma lathu linatumiza mabasi odzatenga anthu. Anzanga anakwera, ine ndinatsala. Sikuti ndinali wolimba mtima, achimwene. Anali manyazi. Ndinkati ndikafika ku Ndirande ndi kachikwama kamodzi anthu akati chiyani? Ndi funso lomwelo limene mwafunsa inuli, ndipo linandisunga kunja zaka zina zinayi.

Chimene chinandithyola ndi ichi. Kuyambira mu 2014, lamulo la ku South Africa limati ukapitiriza masiku amene anakupatsa, potuluka amakudinda kuti usalowenso, ndipo ukapitirira ndi masiku oposa 30 chiletsocho chimafika zaka zisanu. Mu 2017 mayi anga anadwala. Ndinadziwa kuti ndikatuluka ndiye basi, ntchito yatha, ndiye ndinkangoti tione kaye sabata ino, tione kaye mwezi uno. Anamwalira ndisanafike. Ndalama ya bokosi ndinatumiza pa Mukuru, ndipo mwambo wa kumanda ndinaumvera pa WhatsApp, mchemwali wanga atanyamula foni m'mwamba kuti ndimve nyimbo za amayi a mvano. Ndinali nditakhala pa ndowa ya penti m'nyumba ya eni ake. Bokosi linali labwino, anthu anayamikira. Koma mayi ankafunsa za ine ali m'chipatala, sankafunsa za ndalama. Ngati makolo anu alipo, izi muziike pa sikelo pamodzi ndi malandi amene mukuwerengawo.

Tsono za chimanjamanja. Ndinabwera mu Disembala 2019. Zaka zitatu ndinkatumiza ndalama kwa m'bale wanga wina kuti azindimangira nyumba ku Machinjiri, iye n'kumanditumizira zithunzi. Nditafika ndinapeza khoma lalekezera pa mawindo, udzu utamera m'kati. Zinandiwawa kwambiri, ndipo panapita nthawi tisakulankhulana. Mbali ina vuto linali langa: ndinamudumpha mkazi wanga poganiza kuti zomanga n'zachimuna, chonsecho iye ndi amene akanaiteteza ndalamayo chifukwa nyumbayo inali yoti agonemo ndi ana. Ngati mukumanga, akunyumba azisunga malisiti, aziona okha matumba a simenti akutsika, ndipo mapepala a puloti muwaone ndi maso anu musanaikepo njerwa ina. Puloti ya m'mbali mwa phiri kapena m'mphepete mwa mtsinje ikaneni ngakhale itchipe bwanji. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anandipeza kuno, ndipo ndinapita nawo ku Chilobwe ndi khasu kukafukula anthu m'matope amene anatsika m'phiri la Soche. Sindifuna kulongosola zimene ndinaona.

Anthu amene ndinkawaopa aja, nkhani yawo inali ya sabata imodzi. Anabwera kudzandilonjera, ena kufunsa kuti tatengerako chiyani, ndinagawa sopo ndi timalaya ta ana, basi. Sabata yachiwiri aliyense anali pa zake, kusaka ndiwo ndi fizi. Munthu wa mu Blantyre alibe nthawi yowerenga zikwama zanu. Zaka zinayi ndinazitaya poopa sabata imodzi imeneyo.

Chovuta chenicheni chinali m'nyumba. Mwana wanga wamkazi ndinamusiya ali ndi zaka zitatu, ndinamupeza ali ndi 10. Ankandipatsa moni atagwada ngati mlendo, akafuna kanthu amakanong'oneza mayi ake. Panatenga pafupifupi chaka kuti ayambe kundiseka. Nawo mayi akewo anali atayendetsa banja okha nthawi yonseyi, ali ndi geni yawo ya kaunjika ku Limbe, ali mu banki m'khonde, akudziwa mtengo wa chilichonse. Ine ndinafika ndi mtima woti mwini nyumba wabwera, ndipo tinakangana kangapo. Chonde mukafika yambani mwakhala pansi n'kumvetsera mmene nyumba yakhala ikuyendera. Mwakhala mukutumiza ndalama, inde, koma maliro a m'dera, misonkhano ya kusukulu ndi usiku wa malungo anaziona ndi iwowo.

Pa ndalama sindikunamizani, ndimapeza zochepa kuyerekeza ndi ku Cape Town. Nditangofika kunabwera Covid, ntchito zinaima, ndipo mu Meyi 2020 tinaona anzathu ochokera ku Joni akutsitsidwa pa Kamuzu Stadium. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anabwera ndi ndalama n'kungoisunga, inasungunuka akuona. Chinandipulumutsa ine n'chakuti ndisananyamuke ndinagulitsa TV ndi sipika zanga n'kugula makina odulira matailosi, gulainda ndi levulo. Pa Mwanza a MRA amafuna msonkho wa katundu, ndiye sungani malisiti ndipo patulani ndalama yake. Zipangizo zimenezo n'zimene zikundipezetsa ntchito ku Chileka, ku Chigumula, ku Mpemba, kumene anthu akumanga, ambiri ndi ndalama za ku Joni komweko. Miyezi ina maluzi amandigwira ndithu. Komabe madzulo ndimadya nsima ya mgaiwa ndi usipa pamodzi ndi ana anga, ndipo galimoto ya apolisi ikadutsa sinditembenuka.

Choncho sindikuti nyamukani mawa, komanso musanyamuke chifukwa chopsa mtima ndi bwana. Chitani zimene ankachita agogo aja: lembani mwezi wobwerera, muwauze akunyumba kuti nawonso azikukumbutsani, ndipo miyezi yatsalayo muigwiritse ntchito pogula zipangizo ndi kusunga ya chakudya cha miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira. Ngati pasipoti inatha, ofesi yathu ya kazembe ku Pretoria ndi ya ku Johannesburg amathandiza ndi chikalata choyendera pobwerera kumudzi.

Simunanene ntchito imene mukugwira kumeneko. Tandiuzani, komanso ngati ku Bangweko muli ndi puloti kapena akunyumba ali pa lendi. Ngati ndi za zomangamanga, ndikuuzani zipangizo zimene zikusowa kuno kuti muyambe kugula zimenezo.