Kalabu ya amayi isasiye kukamba nkhani za m'dera

Mayi wina wa ku Mabvuku, mumzinda wa Harare kuno ku Zimbabwe, wandilembera imelo kufunsa ngati kalabu yawo isiye kuuzana nkhani za m'dera n'kutsala ndi kuwerenga kokha, chifukwa amuna awo ayamba kunena kuti amayi amangopitako kukachita miseche. Mayi, funso lanuli landifika pamtima, pakuti mawu omwewo anauzidwapo mayi anga ondibereka.

Ine ndinakulira ku Mufakose, mu Harare momwemo. Agogo anga aamuna anachoka ku Dedza nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe chinayamba mu 1953 n'kutha mu 1963, ndipo anafera konkuno monga matchona ena ambiri. Loweruka lililonse masana mayi anga ankayala mphasa pakhonde, anzawo n'kumabwera. Mmodzi ankawerenga ndime ya m'Buku Lopatulika, wina n'kutchula mwambi umene anamva kwa agogo ake, kenaka osadziwa kuwerenga ankamasula makalata ochokera kumudzi omwe anawamanga pansonga ya chitenje kuti awawerengere. Zikatha izi mpamene ankafunsana kuti kwagwanji m'dera, ndipo bambo anga ankadandaula kuti gawo limeneli n'longotayitsa nthawi.

Lamulo la unzika litasintha mu 2001, anthu ambiri obadwira muno, amene makolo awo anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, anapezeka kuti akuwerengedwa ngati obwera m'dziko lomwe anabadwiramo. Mayi anga anayenda zaka zambiri ndi chitupa chowatchula kuti ndi mlendo. Pamene malamulo atsopano oyendetsera dziko anakhazikitsidwa mu 2013, nkhaniyo siinawafikire kudzera m'nyuzipepala. Anaimva pamphasa paja, kwa mphunzitsi wina wopuma ntchito amene anawerenga gawo 43 mokweza n'kulimasulira m'Chichewa, kuti wobadwira m'Zimbabwe, yemwe kholo lake linali nzika ya dziko la m'bungwe la maiko a kumwera kwa Africa la SADC, ndi nzika yobadwa nayo ngati akukhala muno. Ndinaona amayi achikulire akugwetsa misozi tsikulo. Amene amati zimenezi ndi miseche sanaimepo pamzere n'kubwezedwa chifukwa cha chitupa chowatchula kuti ndi mlendo.

Chimodzimodzinso mu Seputembala 2018, kolera itabuka ku Glen View ndi ku Budiriro mu Harare: amayi ndiwo ankachenjezana za mjigo wokayikitsa ndi kukumbutsana kuwiritsa madzi, popeza ndiwo amatunga madziwo ndi kusamalira odwala. Choncho ndikunena mosabisa kuti kalabu imene yasiya nkhani za m'dera pofuna kukondweretsa anthu omwe sabwera n'komwe ku misonkhano yadzidula yokha miyendo.

Palinso nkhani ya chiyankhulo, imene imandisowetsa tulo. Gawo 6 la malamulo oyendetsera dziko aja limatchula Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka m'dziko muno, koma ana athu amayankhula Chishona kusukulu ndi pamsewu, ndipo palibe cholakwa pamenepo. Chodetsa nkhawa n'chakuti Chichewa amangochimva kutchalitchi ndi pamaliro. Mtsikana akamva amayi akukambirana za mtengo wa ufa ku msika wa Mbare Musika m'Chichewa, amazindikira kuti chiyankhulochi chimagwiranso ntchito pa zinthu za tsiku ndi tsiku.

Zoyenera kuchita

Miseche ilipodi, ndipo sindikuikana. Mayi anga anaika malamulo awiri okha: wobweretsa nkhani anene ngati anaona yekha kapena anamva kwa yani, ndipo za m'banja la munthu amene palibe zisakambidwe. Nanunso chitani chomwecho, Mayi. Yambani ndi kuwerenga, sankhani mayi mmodzi wolemekezeka woti azidula nkhani ikalowera kwina, ndipo uthenga wa pa WhatsApp wosadziwika kumene wachokera usawerengedwe pagulu mpaka wina atakafunsa kukiliniki kapena ku ofesi ya khonsolo.