Kodi mbewu ndi mankhwala a mayina otchuka n'zoyeneradi mtengo wake? Mayankho kwa alimi

Mvula ikayandikira funso limene limabwera kwambiri kwa ife alangizi ndi lamtengo. Munthu wapita kwa agro-dealer wapeza mapaketi awiri a mbewu ya chimanga onse a 2kg, ina mtengo wake pafupifupi kawiri inzake, ndiye wabwerako mutu uli gwa osadziwa kuti atole iti. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 palibe amene akugula mwachisawawa, aliyense akufuna adziwe ngati akulipira katundu kapena akungolipira dzina. Ndasankhapo mafunso angapo omwe alimi akhala akundifunsa, ndiyankha limodzi limodzi.

Bambo wina wa ku Mitundu anafunsa chonchi: "Alangizi, anzanga akuti ndikafuna kukolola ndigule Njovu ya Seed Co kapena DK basi, zinazi n'zotaya nthawi. Koma ndalama yanga ikukwana thumba limodzi la feteleza pa ekala, nditani?"

Bambo, poyamba ndinene kuti anzanuwo sakunama kuti mbewuzo n'zabwino. Seed Co, DEKALB (DK ija, yomwe pano ili m'manja mwa Bayer chigulireni Monsanto mu 2018), Pannar, awa ndi makampani akuluakulu omwe amathira ndalama zambiri pa kafukufuku, ndipo mbewu ndi chinthu chimodzi chimene simungachidziwe poyang'ana ndi maso. Njere ya haibulidi yeniyeni ndi njere ya m'nkhokwe yopakidwa utoto zimaoneka chimodzimodzi, mumadzadziwa mu March zinthu zitavuta kale. Ndiye pa mbewu dzina lili ndi ntchito, mukulipira chikhulupiriro choti chomwe chalembedwa papaketi n'chomwe chili mkati.

Koma nkhani yanu si imeneyo, nkhani yanu ndi thumba limodzi lija. Chimanga cha haibulidi kuti chionetse mphamvu zake malangizo a boma amati pa hekitala pamafunika makilogalamu 92 a nayitrojeni, kutanthauza matumba awiri a NPK wokulitsa ndi matumba atatu a Urea wobereketsa, pa ekala ndiye kuti matumba awiri, limodzi la uyu limodzi la uyo mongoyerekeza. Inu muli ndi theka. Zokolola zomwe amalemba pamapepala otsatsira malonda zija, matani 10 kupita m'mwamba pa hekitala, zimachokera m'minda yoyeserera momwe feteleza anakwana, kupalira kunachitika nthawi yake, mbozi sizinapatsidwe mpata. Alimi ambiri ang'onoang'ono kuno kwathu amakolola matani awiri kapena kuchepera apo pa hekitala, ndipo chowatsekereza nthawi zambiri si mbewu ayi, ndi njala ya nthaka, kubzala mochedwa ndi udzu. Mbewu yodula yoikidwa panthaka yanjala ili ngati ng'ombe yamkaka yachizungu yomwe mukuidyetsa mapesi ouma okhaokha, dzina lilipo koma mkaka mulibe.

Ndiye ine ndikanakhala inu ndikanachepetsa munda. Gulani 5kg ya mbewu yabwinoyo m'malo mwa 10kg, bzalani theka la ekala mwa Sasakawa, mizere yotalikirana 75cm, mapando 25cm, njere imodzi paphando, feteleza yense apite pamenepo (gulani theka NPK theka Urea ngati mungagawane ndi mnzanu), ndipo theka linalo muikepo soya kapena mtedza zomwe sizilira feteleza ngati chimanga. Ndikudziwa kuti zimawawa kuona munda wachimanga wachepa, anthu pamudzi amayankhula eti, koma chofunika ndi matumba omwe alowe m'nyumba osati kukula kwa munda.

Ndipo musaiwale kuti pakati pa mbewu yodulitsitsa ndi ya m'nkhokwe pali mbewu zina zovomerezeka zotsikirako mtengo. Pali mitundu ya MH yomwe inatulutsidwa ndi akafukufuku athu a ku Chitedze, pali za ZM monga ZM 523 ndi ZM 623 zomwe si haibulidi ndipo mungathe kubwezera kubzala zaka ziwiri kapena zitatu mukasankha bwino zisononkho zapakati pamunda, ndipo makampani a konkuno monga Demeter, Funwe ndi Peacock amagulitsa mbewu yoyesedwa ndi boma chimodzimodzi. Kutchipa kwake sikutanthauza kuti ndi yabodza.

Mayi wina wa ku Balaka anati chaka china anagula mbewu yodula kwambiri yomwe inali mushopu poganiza kuti yodulayo ndiye yabwino, koma mvula inadula mu February chimanga chikungoyamba ngaiyaye, pomwe mnzawo wobzala mbewu wamba anakolola.

Mayi, pamenepa mbewu sinalakwe, inangopita kumalo kosayenera. Mbewu zambiri zobereka kwambiri ndi zochedwa kucha, zimafuna mvula ya miyezi inayi ndi theka kapena kuposa. Tengani chitsanzo cha Seed Co chifukwa ambiri mumaidziwa ndi mayina a nyama: nambala yoyamba ija imakuuzani nkhani yonse, SC 403 Kanyani ndi yocha msanga, SC 627 Mkango yapakatikati, SC 719 Njovu yochedwa. Njovu ku Mchinji, ku Dedza kapena mbali zina za Lilongwe komwe mvula imakhalitsa imachita zodabwitsa, koma ku Balaka, ku Chikwawa, ku Nsanje ndi m'mbali mwa nyanja komwe mvula imabwera mochedwa n'kuthawa msanga, yocha msanga ndiye mnzanu ngakhale zisononkho zake zili zocheperako. Makampani onse ali ndi magulu amenewa, ndiye mukalowa mushopu funso loyamba lisakhale loti yabwino kwambiri ndi iti, funsani kuti imacha pamasiku angati. Wogulitsa akayamba kukanda m'mutu werengani nokha papaketi.

Chinanso amayi mumachidziwa kuposa ife, kukonoka. Chimanga china ndi chofewa, mukapita nacho kuchigayo chokonola theka limathera ku madeya ndipo anankafumbwe amachikonda, pomwe cholimba ngati chamakolo chimatulutsa mphale yambiri. Ngati mukulimira chakudya chapakhomo funsani zimenezi, ngati mukulimira kugulitsa pa sikelo ndiye nkhani ina.

Tsopano za feteleza, apa ndiye ndimakana kulipira dzina. Mnyamata wina wa ku Kasungu anafunsa kuti kodi Urea wa kampani yakuti ndi wamphamvu kuposa wa kampani yakuti poti mitengo ikusiyana. Achimwene, Urea ndi Urea. Pathumba palembedwa 46% N, ndiye kuti m'thumba la 50kg muli makilogalamu 23 a chakudya chomwe chimanga chikufuna, kaya thumbalo ndi loyera kaya lili ndi chithunzi chokongola, kaya mwagula ku bungwe la boma logulitsa feteleza la SFFRFM kaya kwa wamalonda wina wovomerezeka. CAN ali ndi 27 peresenti, m'thumba muli makilogalamu 13 ndi theka okha, ndiye CAN akatchipa pang'ono poyerekeza ndi Urea musathamangire kuti mwapeza mwayi, werengani kaye. NPK nayenso onani manambala, wakale uja tinkamutchula kuti chitowe anali 23:21:0+4S, wapanoyu ndi 23:10:5+6S+1.0Zn, ndipo D Compound ndi wina, si wolowa m'malo mwa mnzake mwachisawawa.

Chomwe muyenera kuopa pa feteleza si dzina losadziwika koma thumba losokedwa kawiri. Onani msoko, kwezani thumba pa sikelo musanalipire, ndipo ngati mukukaika Urea tapani supuni imodzi muike m'kapu yamadzi n'kutakasa, yenseyo amayenera kusungunuka, mukaona mchenga watsalira pansi bwererani komwe mwagula ndi lisiti lanu. Nchifukwa chake timalimbikira za lisiti, wogulitsa wokana kulemba lisiti akukuuzani kale kena kake. Feteleza wa m'mabeseni pamsika amene amayeza ndi mbale, ameneyo mukugula mwa mwayi.

Ndidutsireko pa timabotolo ta feteleza wopopera m'masamba tomwe tabwera ndi mayina okoma ndi malonjezo oti botolo limodzi likukwana ekala yonse osafunanso thumba. Taganizani nokha, chimanga chikufuna makilogalamu oposa 30 a nayitrojeni pa ekala, botolo la lita imodzi lingasenze bwanji zimenezo? Pa tomato ndi ndiwo zamasamba monga chowonjezera chabe zilibe vuto, koma kusiya thumba n'kudalira botolo pa chimanga ayi ndithu.

Funso la mankhwala linachokera kwa mlimi wa ku Thyolo yemwe amalima chimanga cha m'dimba: "Roundup ndi wodula, mushopu muli wina wopha udzu wotchipa, ndi chimodzimodzi?" Tembenuzani botolo muwerenge timalemba tating'ono pomwe alemba active ingredient, ndiye kuti mankhwala enieni ogwira ntchitoyo. Roundup mkati mwake ndi glyphosate, ndipo umwini wa mankhwalawa unatha kalekale moti makampani ambiri amapanga. Botolo lina likalembedwa glyphosate 360 g/l ndipo linzake 360 g/l, ntchito yake ndi yofanana kwambiri, koma lina likalembedwa 480 musathamangire kuti ndi lamphamvuko, tsatirani mlingo wolembedwa pa lebulo, ndiye mtengo muwerengere pa sipuleya imodzi osati pa botolo. Chofunika n'choti akhale olembetsedwa ku Pesticides Control Board, lebulo yake yonse ilipo m'chiyankhulo chomwe mungawerenge, chitsekero sichinatsegulidwepo ndipo tsiku lothera mphamvu silinadutse.

Pa ntchemberezandonda ndiye pamene ndimaona anthu akutaya ndalama zambiri. Chifikireni mbozizi cha m'ma 2016 ndi 2017 alimi ayesa chilichonse, ndipo cypermethrin yemwe ndi wotchipa uja ambiri akudandaula kuti sakuzigwetsa monga kale. Mankhwala okhala ndi emamectin benzoate amachita bwino, alipo a dzina lotchuka alipo otchipirako, onse mkati ndi chimodzi. Koma ngakhale mutagula odula bwanji mukapopera masana dzuwa lili pamutu, mbozi zitakula kale n'kubisala mkati mwa nsonga, mwangotsuka masamba. Yenderani munda kawiri pa sabata chimanga chikangomera, mukaona timawindo toyera pamasamba ndi tindowe tonga utuchi poperani m'mawa kwambiri kapena madzulo, nozo iloze mu nsonga momwemo, ndipo musinthesinthe mtundu wa mankhwala kuti zisazolowere. Nthawi yopopera imaposa mtengo wa botolo kutali.

Pomwe ndingakuuzeni mosaphethira kuti gulani chodula ndi sipuleya. Yotchipa imagwira mwezi umodzi kenako yayamba kudontha pamsana, mankhwala akutsikira m'chiuno mpaka m'miyendo, mpopi wathyoka ndipo zida zake zosinthira simungazipeze kulikonse. Za mayina odziwika monga Jacto kapena Matabi zimakhala zaka mukamatsuka mukatha ntchito, ndipo timalabala ndi manozo ake amapezeka m'mashopu akuluakulu a zaulimi. Ngati nokha simungakwanitse sonkhani pa kalabu anthu asanu mugule imodzi yabwino. Matumba osalowa mpweya a PICS nawonso amaoneka odula pogula koma osawaboola mungawagwiritse ntchito zaka ziwiri zitatu kusungira chimanga popanda kuthira mankhwala, bola chimanga chikhale chouma bwino ndipo makoswe muwatchingire.

Wina anafunsa za mtedza ndi soya ngati n'koyenera kugula mbewu yatsopano chaka chilichonse. Ayi. Mtedza wa CG 7 ndi CG 9, soya wa Tikolore ndi Makwacha, nyemba za NUA 45, izi si haibulidi, mukagula yovomerezeka kamodzi mungathe kusungako n'kubzala zaka ziwiri kapena zitatu musanagulenso, kungoti soya sachedwa kufa mphamvu yomera akasungidwa potentha ndiye muyeseni kaye. Chimanga cha haibulidi chokha ndiye musabwezere, ana ake amatuluka osiyanasiyana ena aatali ena aafupi ndipo zokolola zimatsika.

Kuyesako n'kosavuta ndipo chitani ndi mbewu iliyonse ngakhale yodula yochokera mushopu yayikulu, chifukwa paketi ikhoza kukhala yeniyeni koma inagonera chaka pansi pa malata otentha. Kutatsala sabata ziwiri kuti mubzale werengani njere 100, ziikeni pachiguduli chonyowa, pindani, ikani pamthunzi n'kumawaza madzi tsiku lililonse. Pakatha masiku 7 werengani zomwe zamera. Chimanga chikamera 90 kupita m'mwamba bzalani njere imodzi imodzi mtima uli m'malo, chikatsika kufika m'ma 70 tengani paketi, lebulo yake yokhala ndi lot number ndi lisiti mubwere nazo ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu (EPA), nkhani zotere timazitumiza kwa a Seed Services Unit omwe amayang'anira za mbewu. Mapaketi ambiri masiku ano akubwera ndi kamalo kokala ngati ka mayunitsi, kalani muli mushopu momwemo n'kutumiza nambalayo pafoni motsatira zomwe alemba, musadikire kukafika kunyumba.