Kodi mwana wanga asiye netibolo chifukwa cha kusambira?

Mayi wina wa ku Highfield, kuno ku Harare, wandilembera imelo. Mwana wake wamkazi ali ndi zaka 10, ndipo chaka chatha anapambana kawiri pampikisano wosambira wa masukulu. Tsopano kochi wa kalabu akuti mwanayo asiye netibolo ndi hockey, azibwera kudziwe masiku 6 pa sabata, chaka chonse, chifukwa m'mera mpoyamba. Mayiyo akufunsa kuti: "Ndikakana, sindimutsekera mwayi mwana wanga?"

Amayi, musamusiyitse netibolo. Pa msinkhu umenewu ayi.

Kochiyo sakunama pa chilichonse. Kusambira kumafunadi kuyamba msanga. Mwana amene wazolowera madzi akadali wamng'ono amadziwa kuwagwira ndi dzanja, kupuma mosabanika, kutembenuka pakhoma, ndipo zimenezi zimavuta kuziphunzira utakula. Koma kuyamba msanga ndi kwina, kusiya masewera ena onse msanga ndi kwinanso.

Chimene makolo ambiri sitichiona n'chakuti pa zaka 10 kapena 11, amene amapambana kawirikawiri ndi mwana amene wasinkhuka mofulumira. Ndi wamtali, mikono yaitali, mphamvu zabwera kale. Anzake akamupeza msinkhu pa zaka 14, mndandanda wa opambana umasintha. Choncho mendulo ziwiri zija zikusangalatseni, koma sizinanene chilichonse za mmene adzakhalire pa zaka 18.

Ndinaziona m'nyumba mwanga momwe. Mnyamata wanga ndinkamudzutsa kusanache, atavala juzi ziwiri, tikukwera kombi yoyamba, tawulo likadali lonyowa ndi dzulo. Mpira ndinamusiyitsa ndekha, palibe anandikakamiza. Atafika zaka 13 anayamba kudandaula phewa. Tsiku lina ndinamupeza akuvala shati ya sukulu ndi dzanja limodzi, linalo likukanika kukwera. Phewa linachira patapita miyezi, koma mtima wofuna madzi sunabwererenso. Magalasi ake osambirira akadali pamsomali kuseri kwa chitseko mpaka lero.

Vuto la phewali si lachilendo. Wosambira amazunguza mkono kambirimbiri pa tsiku limodzi, njira yomweyomweyo, mafupa akadali kukula. Komanso m'madzi thupi silinyamula kulemera kwake, pamene mafupa a mwana amalimba ndi kuthamanga ndi kudumpha. Netibolo imene akuti asiyeyo ndi imene ikumupatsa zimene dziwe silingamupatse: miyendo yolimba yodumphira poyamba mpikisano ndi yokankhira khoma.

Bungwe la madokotala a ana ku America, American Academy of Pediatrics, linalangiza mu 2016 kuti mwana azipuma tsiku limodzi kapena awiri pa sabata, komanso miyezi itatu pa chaka asakuchita masewera ake aakuluwo, ndipo kuti pa masewera ambiri kusankha amodzi okha kudikire mpaka zaka 15 kapena 16. Palinso kamuyezo kosavuta kamene akatswiri a zamasewera amatchula: maola a masewera okonzedwa pa sabata asapose zaka za mwana. Wanuyo asapyole maola 10, kuphatikiza netibolo ndi hockey yomwe.

Mwayi wathu kuno ku Harare ndi wakuti nyengo inatikonzera kale dongosolo. Masukulu amasambira temu yachitatu ndi yoyamba, kukamatentha. Ikafika temu yachiwiri, June ndi July, madzi amaluma, ndipo maiwe otenthetsedwa ndi ochepa komanso odula. Imeneyo ndiyo nthawi ya hockey ndi netibolo. Ine ndikanakhala inu, nyengo yotentha ndikanamulola kusambira katatu kapena kanayi pa sabata. Kukazizira, kamodzi kapena kawiri basi, kuti asaiwale madzi, kwinako akathamange pabwalo ndi anzake. Ndipo tisanamizane, thumba lanu nalo lipumako, poti ndalama ya kalabu ndi ya kombi yopita kudziwe la Les Brown si yamasewera.

Ndikudziwa dzina limene likukuzungulirani m'mutu. Katswiri wosambira Kirsty Coventry anabadwira mumzinda uno mu 1983, anatenga mendulo 7 za Olympics ku Athens mu 2004 ndi ku Beijing mu 2008, ndipo mu 2025 anasankhidwa kutsogolera komiti ya Olympics padziko lonse. Koma taonani msinkhu: golide wake woyamba, wa mamita 200 osambira chagada, anamupata ali ndi zaka 20. Wosambira winanso wa ku Zimbabwe, Donata Katai, anapita ku Olympics ya ku Tokyo ali ndi zaka 17. Wanu ali ndi zaka 10. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pokalankhula ndi kochi musapite ngati mukukamenyana naye. Muuzeni masiku amene mwana azibwera, ndipo mumufunse kuti dongosolo lake la mwanayu pofika zaka 14 ndi lotani. Akayankha bwino, muli m'manja abwino. Akanena kuti masiku 6 kapena achoke, makalabu ku Harare alipo angapo.

Chinthu chimodzi simunandiuze m'kalata yanu: mwini wakeyo akuti chiyani? Mumufunse inu nokha, kochi palibe, mwina mukutsuka mbale madzulo. Ndipo akadzatchula phewa, ngakhale kamodzi, musadikire ngati mmene ndinadikirira ine.